Zitenje Khumi ndi Ziwiri pa Msewu wa ku Ndola

Anthu amandiseka ndikanena kuti ulendo wautali kwambiri umene ndinayendapo ndi wochoka ku Kitwe kupita ku Ndola. Amati, amake Chisomo, si apa pomwepa? Ena amakagwira ntchito kumeneko m'mawa, madzulo n'kudzagona kwawo. Ndimangowasiya aseke. Ndinapitako ku Nakonde kukagula nsalu, basi n'kutifera m'tchire tsiku lathunthu, koma ulendo umenewo ndinafika n'kuuiwala. Wa ku Ndolawu ndimaukumbukira mtunda ndi mtunda.

Kwathu ndife a makalaliki. Agogo anga aamuna anachoka ku Malawi kudzalemba mayina a anthu pa mgodi, bambo anga analowa m'malo mwawo, ndipo ine anandiphunzitsa kutayipa kuti mwambo usafe. Koma manja anga anakana. Ndinayamba kunyika nsalu kuseri kwa nyumba yathu ku Garneton. Ndinkagula nsalu yoyera, kuijambula ndi phula lotentha, kuiviika mu utoto, kuiwiritsa kuti phula lichoke, kuiyanika, kenako kuisita. Ndinachita zimenezi zaka zinayi, mpaka zikhadabo zanga zinabiriwira moti ku tchalitchi ndinkachita manyazi potambasula dzanja pa mgonero. Aliyense ankati zitenje zanga n'zokongola, makamaka abale ndi amayi a kumpingo, amene ankazinyamula ndi mawu akuti "tikayeseko kaye". Dzina linamveka Garneton yense, koma m'nyumba simunkalowa kanthu.

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, atatopa kundionerera, anandipezera ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa zitsulo, ndipo ankafuna yankho Lolemba. Bambo a Chisomo si munthu wokalipa. Anangoima pakhomo la kuseri, kuyang'ana ndowa zanga za utoto, n'kunena kuti, "Amake Chisomo, four years ni yambiri. Ngati za ku Ndola zakanga, ndowa izi tizitapira madzi." Ndinavomera, chifukwa sankanama.

Za ku Ndolazo zinali izi. Ndinali m'gulu la pa foni la amayi a ntchito zamanja, limene ankaphunzitsa mayi wina dzina lake Madam Mutale. Lachisanu la sabata imeneyo, pa loji ina ku Bwana Mkubwa, kunkabwera mwini sitolo yaikulu ya ku Lusaka kudzasankha amayi atatu oti katundu wawo azilowa m'sitolo mwake. Madam anatiuza kuti tifike fourteen hours, ndiye kuti thu koloko masana, aliyense ndi zinthu khumi ndi ziwiri. "Twelve, ladies, osati eleven. Wamene ali na eleven asavutike kukwera bus." Mayi ameneyu ankadziwa kulankhula. M'mawa uliwonse ankatitumizira mawu oti timvere tikusesa. "Business ilibe aunty, ilibe church mate." Tsiku lina, "Chaulere ni poison." Ndipo amene anandilowa kwambiri, "Mtima wabwino muzisiya ku nyumba pamodzi na ma slippers." Enafe tinkaseka, koma ine ndinkadziwa kuti akunena matenda anga. Mawu akewo ndinawaloweza ngati katekisimu.

Zitenje khumi ndi ziwirizo zinandidyera miyezi itatu. Ndinazisita kawiri, kuzipinda, kuika pepala pakati pa chilichonse, n'kuzilongedza m'chikwama chachikulu cha mizeremizere. Ndinatuluka m'nyumba seveni koloko, kuti ngakhale njira indivute ndifike nthawi ikadalipo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linali litayamba kale ukali.

Minibasi ya ku Garneton sinachedwe, koma kondakitala anafuna kuponya chikwama changa kumbuyo, pamodzi ndi chigubu cha dizilo ndi thumba la kapenta. Tinakangana mpaka anthu anayamba kundinena kuti ndanyamula golide. Ndinapambana, n'kukhala nacho pamiyendo mpaka m'tauni, mwendo wamanzere utachita dzanzi.

Pa siteshoni ya ku Kitwe ndinachita chinthu chimene mwana wobadwira m'tauni sayenera kuchita. Ndinaona basi ya ku Ndola ikuoneka yodzaza, injini ikulira, woitanira akukuwa kuti watsala munthu mmodzi, ndipo ndinathamanga n'kulipira sixty kwacha osafunsa. Nditangokhala, amuna asanu amene anali m'mipando anatsika mmodzimmodzi, n'kukayamba kuitanira panja. Anali anthu ongodzazitsa maso. Okwera enieni tinalipo anayi. Ndalama ikalowa m'thumba la kondakitala situlukanso, choncho tinakhala pamenepo maola awiri, tikuphikika, injini ikulira osapita kulikonse.

Ndi pamenepo ndinadziwana ndi Bana Mwape, ndiko kuti amake Mwape. Anali mayi wa msinkhu wa amayi anga, woonda, wovala bulauzi ya maluwa ndi chitenje chakale chimene mtundu wake unali utatha ndi sopo. Anandipatsa moni m'Chibemba, koma atandimva ndikulankhula ndi bambo a Chisomo pa foni anatembenukira ku Chinyanja chawo chosakaniza. Anati akupita ku Lubuto, pafupi ndi msika, kukaona mwana wawo wamkazi amene anali atangochira kumene, mwana woyamba. Anandigawira mtedza wokazinga wa m'kapepala. Kenako anafunsa chimene ndinakumbatira chonchi ngati khanda.

Ine ndi pakamwa panga. Ndinatsegula zipi, n'kuwaonetsa ngodya ya chitenje chimodzi, kenako china, kenako china. Ndinawafotokozera za phula, za utoto, za mwini sitolo wa ku Lusaka, za twelve osati eleven. Anapukuta dzanja pa bulauzi asanakhudze.

"Mwapanga mweka, na manja aya?" anafunsa.

"Neka, mayo. Palibe machine."

"Lesa anakupatsani, mwana wandi. Musaleke."

Mawu amenewo anandikoma kuposa mtedza. Tinanyamuka teni koloko itadutsa.

Sitinapite patali. Ku Wusakile dalaivala anakhota kukathira mafuta, ngati kuti maola awiri aja sankadziwa kuti tikupita ku Ndola. Titawoloka mlatho wa Kafue apolisi a pamsewu anatiimitsa, ndipo zinapezeka kuti dalaivala wathu anasiya kapepala kena kunyumba. Anatsika, anafotokoza, anaimba foni, anafotokozanso. Bambo wina wa jekete lotuwa amene anakhala kutsogolo kwathu anati basi imeneyi inadzuka ndi mwendo wamanzere, ndipo tonse tinaseka, chifukwa nthawi inali ikadalipo.

Pafupi ndi mphambano ya ku Kamfinsa tayala lakumbuyo linaphulika. Lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Kondakitala analigubuduza n'kukwera nalo galimoto ina kubwerera kumene tinachokera, ife n'kutsala pansi pa kamtengo kopanda mthunzi. Ndinakhala pa mwala, chikwama pamiyendo, ndikuyang'ana foni. Madam anali atatumiza mawu ena: "Ladies, lero ni lero. Opportunity sibwera kawiri." Mabasi ena ankadutsa odzaza, osatiyang'ana n'komwe. Mayi wina wa suti yakuda, wooneka wa mu ofesi, ankayenda uku ndi uku akuuza munthu pa foni kuti ali pafupi kufika. Tinanyamukanso thwelofu koloko itakwana. Ndinawerengera mumtima n'kuona kuti ndifikabe, bola pasachitike china.

Titadutsa mphambano ya ku Luanshya, pamalo pena popanda nyumba, tinayamba kuona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu. Aliyense woyenda msewu umenewu amadziwa tanthauzo lake. Galimoto za kutsogolo zinali zitaima, ndipo nafenso tinaima.

Lole yaikulu inali itapatuka cham'mbali, dalaivala wake atakhala pansi, manja kumutu. Tomato ndi impwa zinali mbwee pa tara, dengu lili uko. Mayi mwini dengulo anali chigonere m'mphepete mwa msewu, ndipo panalibe wofunsa ngati akupuma. Ziyenera kuti ankachokera ku dimba kupita kukagulitsa. Chitenje chake chinakokedwa ndi tayala n'kukulungika kunsi kwa lole, chong'ambika, chakuda ndi mafuta, moti iye anatsala poyera kuyambira m'chiuno. Amuna amene anatsika m'malole ndi m'magalimoto anaima chapatali atatembenukira kutchire. Ena awiri, opanda manyazi, anali atatulutsa mafoni.

Mtembo suchotsedwa apolisi asanafike, koma susiyidwanso pamtunda. Mkazi akagwa chonchi, amene amamufunditsa ndi akazi anzake, ndipo nsalu yofunditsa maliro sibwerera kwa mwini wake, imapita naye. Izi palibe amene anandiphunzitsa pa foni, ndinakula ndikuzidziwa. Akazi pamalo ponsepo tinalipo atatu: wa suti uja, Bana Mwape, ndi ine.

Wa suti anatsegula chikwama chake n'kuchitsekanso. "Ine nilibe chitenge, nanyamula chabe laptop," anatero.

Bana Mwape anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu. "Mwana wandi, tulutsani chimodzi. Chilichonse."

Sindinganame kuti mutu unaima, kapena kuti sindinaganize. Ndinaganiza bwinobwino, ndipo n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinaona eleven. Ndinaona Madam akuwerenga pakhomo n'kundibweza. Ndinaona ndowa zanga zikutungira madzi, ine ndili pa desiki ndikulemba ma invoisi a misomali mpaka ukalamba. Ndinakumbukira onse amene ananyamula nsalu zanga ndi mawu okoma, ndipo mkwiyo wa zaka zinayi unandibwerera pamalo olakwika. Ndinati mumtima, nthawi zonse ndine, lero yekha wina apereke.

"Si zanga, mayo," ndinatero. "Ni za customer."

Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana zikhadabo zanga zobiriwira zimene zinagwira zipi. Anapatsa wa suti kachikwama kawo kam'manja kuti awagwirire, n'kumasula chitenje chimene anavala.

Mkati anali ndi pitikoti yokha, yakale, yosokedwa ndi ulusi wakuda pambali. Mayi wamkulu ngati ameneyo, pamaso pa madalaivala a malole ndi amuna onse aja, anayenda pa tara wotentha atanyamula chitenje chake m'manja. Anagwada, anamufunditsa mnzathuyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutola miyala inayi kutsindira m'ngodya kuti mphepo ya magalimoto isachiulutse. Anawerama pang'ono, milomo ikuyenda. A mafoni aja anawabweza m'matumba. Bana Mwape atabwerera m'basi, bambo wa jekete lotuwa analivula n'kuwapatsa akuyang'ana pansi, iwo n'kuliyala pamaondo.

Apolisi atafika anatsegula mbali imodzi ya msewu, ndipo wani koloko itapitirira tinadutsa. Mpando unali womwewo, Bana Mwape kuwindo, ine pambali pawo, phewa kukhudza phewa. Chikwama chinali pamiyendo panga. Apa ndiye palibe chimene ndinganamizire. Womwalirayo anali atafunditsidwa kale, koma wamoyo anali pambali panga mu pitikoti, akupita kukaonekera kwa mkamwini. Chinkafunika n'kukoka zipi basi. Ndinauza dzanja langa kangapo, ndipo kangaponso ndinaliuza kuti lidikire tifike kaye, mwina ndikatha za ku loji. Kondakitala, amene anali wolongolola njira yonse, ankangoyang'ana panja. Palibe anandinyoza, ndipo ndikanakonda wina akananditukwana kuti ndipeze pomuyankhira.

Tinadutsa bwalo lalikulu la mpira, tinalowa m'tauni, tinaima pa siteshoni. Bambo uja anafunika jekete lake chifukwa ankapita ku ofesi, ndipo Bana Mwape anamubwezera n'kuthokoza. Anatsika chomwecho pakati pa anthu. Sanayende mapazi khumi, mayi wina wogulitsa nthochi anadzambatuka, kumasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, n'kuwakulunga nacho m'chiuno asanafunse n'komwe chimene chachitika. Ine ndinali nditaima pakhomo la basi ndi chikwama changa. Bana Mwape anandiona, n'kubwera pafupi.

"Yendani bwino, mwana wandi," anatero. "Akagule zonse twelve."

Sindikudziwa ngati ankandinyoza kapena ankandidalitsa. Nkhope yawo inali yotopa chabe.

Ndinakwera takisi, chinthu chimene sindichita, ndipo ndinafika ku Bwana Mkubwa mphindi khumi zitapitirira pa nthawi. Pakhomo panalibe wondibweza. M'holo munali amayi ambiri, aliyense ndi tebulo lake: a mikanda, a sopo, a zikwama, a makeke. Madam Mutale anali wamfupi kuposa mawu ake, ndipo sanandizindikire mpaka nditatchula dzina kawiri. Anandilozera tebulo la kumapeto, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Ndinayala zitenje zanga.

Mwini sitolo anafika pa tebulo langa cha m'ma fifteen hours. Anali mayi waulemu, wonunkhira bwino. Anatukula chitenje chapamwamba, chachiwiri, chachitatu, n'kunena kuti n'zokongola kwambiri. Kenako anafunsa ngati ndingapange two hundred zofanana ndendende mwezi uliwonse. Ndinati ndimapanga ndi manja, ndipo palibe ziwiri zimene zimafanana. Anamwetulira. "Ndiye problem yake iyo, my dear," anatero, n'kupita pa tebulo lotsatira.

Sanaziwerenge. Madam sanaziwerenge. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe m'holo monsemo amene anawerenga zitenje zanga. Zisanu ndi zinayi za pansi sizinatambasulidwe n'komwe, zinangokhala ndi mapepala ake pakati monga ndinaziikira ku Garneton. Ndikanabwera ndi khumi ndi chimodzi, kapena zisanu, zikanakhala chimodzimodzi.

Anasankha wa sopo, wa zikwama ndi wina wa ndolo. Tinawomba m'manja. Madam anatilimbikitsa kuti kulephera ndi sukulu, kuti mkazi wa bizinesi amagwa kasanu n'kudzuka kasanu ndi kamodzi, ndipo anatiuza tiimirire pamodzi tijambulitse tikumwetulira. Pa chithunzi chimenecho ndilipo, kumapeto, ndipo ndikumwetuliradi. Nditatuluka pa geti ndinaimbira bambo a Chisomo.

"Zayenda bwanji?" anafunsa.

"Muuze alamu kuti Monday nizabwera."

Iwo anati, "Bwerani chabe ku nyumba, amake Chisomo." Za panjira sindinawauze, ndipo sindinawauzebe.

Koma sindinapite ku siteshoni ya ku Kitwe. Ndinakwera minibasi ya ku Lubuto. Ndili m'njira ndinatsegula chikwama n'kusankha chitenje chimene ndinkachikonda kuposa zonse, chobiriwira ngati mwala wa kopa, chimene ndinachibwereza katatu chisanatuluke bwino. Ndinachigwira m'manja. Ndinkadziwa kuti sichingafunditsenso munthu amene anafunika kufunditsidwa, komabe ndinkafuna kuti chichoke kwa ine, chipite kwa mwini chitenje chakale chija.

Ndinatsika pa msika dzuwa litapendeka. Chimene ndinkadziwa chinali dzina ndi mawu akuti pafupi ndi msika, basi. Ndinafunsa wogulitsa makala, anapukusa mutu. Ndinafunsa pa saluni, anandifunsa dzina la mwana wawo wamkaziyo, ndipo ndinazindikira kuti m'maola onse aja ndinalankhula za nsalu zanga zokha, sindinafunse. Ndinalowa m'tinjira ta kuseri kwa msika, ndikusuzumira pa zingwe zoyanikira ngati pali matewera a khanda. Ndinagogoda pa nyumba ziwiri. Pa yoyamba khanda linali la miyezi isanu, pa yachiwiri anandiyesa wolalikira. Chikwama chinkandidula phewa, ndipo fumbi linali litandifika m'maondo.

Ndinabwerera pa msika miyendo itatha. Pa benchi ina panali amayi atatu ogulitsa tomato, akuwaza madzi pa katundu wawo. Ndinawapatsa moni n'kufunsa ngati akudziwa Bana Mwape, mayi wamkulu wochokera ku Kitwe, amene wabwera lero kudzaona mdzukulu.

"Bana Mwape uti?" anatero mmodzi, wonenepa, wa duku lofiira. "Kuno ku Lubuto nyumba iliyonse ili na Bana Mwape."

Anzake anaseka. Ndinafuna kufotokoza kuti ndi amene anafika ndi chitenje chobwereka, koma kuti ndinene zimenezo ndinayenera kunenanso chifukwa chake. Ndinangoima, chitenje chili m'manja. Wa duku lofiira anachiona. Anapukuta zala, anagwira ngodya yake, n'kuitembenuza kuti aone kuseri.

"Iyi ni ya manja," anauza anzake. Kenako anandiyang'ana. "Ni zingati?"

Ndinabwera kudzapereka. Mulungu ndi mboni, ndinayenda Lubuto yense kuti ndipereke. Koma ndinamva pakamwa panga pakuyankha, mosazengereza, momveka bwino, monga anatiphunzitsira: "Three fifty, last price."

"Awe, yadula," anatero, n'kuchisiya, kubwerera ku tomato wake.

Ndinachipinda, ndinaika pepala lake, ndinachibwezera m'chikwama. Zinakwananso khumi ndi ziwiri, ndipo ndinafunsa pokwerera basi ya ku Kitwe.